Insulini ya Adada m'Kapu ya Madzi Owira

Chaka chimene adada anapezeka ndi matenda a shuga, ndinkaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina muno mu Mzuzu. Ine ndinkakhala ku Chiputula, makolo anga ku Mchengautuwa. Kuchipatala anaphunzitsa amama kubaya jakisoni wa insulini, ndipo poti firiji kunalibe, kabotolo ka mankhwalawo kankakhala mumphika wadothi wa mchenga wonyowa.

Poyamba zinkayenda. Itafika Juni ndi chifunga chake, shuga wa adada anayamba kukwera. Ludzu losatha, maso osaona bwino, ndiye kachilonda kapachala chakuphazi kosafuna kupola. Namwino anachita kunena mosabisa kuti zikapitirira chonchi phazilo lidzadulidwa. Anawakalipiranso kuti akumwa tiyi wa shuga mobisa. Adada, munthu amene anasiya ngakhale nthochi zakwawo ku Nkhata Bay, anangothokoza namwinoyo m'chiyankhulo chakwawo kuti, "Yewo, amama," n'kuvala chipewa chawo.

Ine ndinatopa, abale. Masana kukuwa m'kalasi, madzulo pa kabaza kupita ku Mchengautuwa kukafunsa zimene adya. Kuchipatala mlingo wa mankhwala anawonjezera, koma ayi ndithu.

Loweruka lina ndinafika m'mamawa, jakisoni asanabayidwe. Ndinapeza amama akuphula ketulo pambaula. Anathira madzi owira m'kapu, n'kuponyamo kabotolo ka insulini, n'kuvundikira ndi sosala.

"Amama! Mukutani?"

"Ndikutenthetsa. Kuzizira kwa kuno iwe sukukuona? Mankhwala ozizira chomene amawapweteka adada ako. Kungoyamba chisanu ndimatero."

Zinthu zimenezi ndimaziphunzitsa chaka ndi chaka mpaka mawu kusasa. Insulini ndi puloteni, kachingwe kopindidwa mwa njira yakeyake, ndipo mapindidwe akewo ndi amene amachititsa kuti maselo a thupi ayizindikire, atseguke, shuga alowe. Ikatenthedwa imapindukuka, ntchito yathera pomwepo. Zonsezi m'Chingerezi ndimazinena ngakhale ndili m'tulo, koma pamaso pa mayi anga ndinasowa poyambira.

Ndinatenga dzira m'dengu, ndinaliswera m'madzi otsala m'ketulo. Loyera lija linagwirana pomwepo.

"Mungalibwezenso kuti likhale laliwisi?"

"Ayi."

"Mankhwalawa amateronso. Akapsa apsa. Zimene adada akhala akulandira zili ngati madzi chabe."

Ndinalankhula mokweza, mtima unali utandiwawa. Amama anayang'ana dziralo nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi pakhonde, pasimenti pozizira, chitenje chili kukamwa.

"Ndiye phazi lija ndine?"

Adada anayankha ali m'nyumba: "Jakisoni wake samapweteka, ameneyo. Musiye."

Tinakatenga botolo lina. Shuga anatsika, chilonda chinapola pang'onopang'ono, phazi lilipo mpaka lero. Ndinawauza amama kuti kungofumbata kabotoloko m'manja pang'ono n'kokwanira, ndinabwereza kangapo, ndinawachonderera. Iwo anakana kukakhudzanso. Amati manja awo sakuwakhulupirira.

Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimakwera kabaza kukabaya adada, madzulonso chimodzimodzi. Ndikangotsegula mphika uja, amama amatenga tsache n'kutuluka, kukasesa pabwalo pamene asesa kale. Ine dzanja langa ndi lolemera, ndimadziwa, adada amatsinzina n'kuluma mano. Ndikatha amandiuza motsitsa mawu kuti ndisawauze amama kuti zapweteka.