Gitala ya Abambo ndi Khutu la Amayi

Abambo anga anali owotcherera zitsulo. Sabata yonse ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, koma Lamlungu masana ankakhala pakhonde lakuseri ndi gitala yawo yomatidwa ndi guluu m'mbali. Zala zinali zaluso ndithu, kungoti phokoso la kushopu linali litayamba kuwadya makutu.

Panali nyimbo ina imene ikafika pakati, chala chimodzi chinkayenera kusuntha pang'ono, zinazo zili pomwepo. Abambo ankaiwala kawirikawiri. Amayi, akusita zovala m'nyumba, ankalankhulira pawindo.

"Bambo a ana, mwaphonyanso pamenepo."

"Ndaphonya chiyani? Zikulira chimodzimodzi izi."

"Ayi. Mwalizazo zikuseka. Pamenepo pamafunika zija zimamveka ngati munthu akutsanzika."

Amayi anali asanagwirepo gitala chibadwire, ndiye abambo sankagonja msanga. Ankaitana ine ndi achemwali anga kuti tiweruze. Ankatiuza kuti tiyang'ane kukhoma, n'kuliza nsambozo kawiri, koyamba chala chili apa, kachiwiri atachisuntha. Achemwali ankaloza kusiyanako nthawi yomweyo. Ine ndinkatchera khutu mpaka kutsinzina, koma ndinkangomva gitala basi.

"Mwaonatu, awiri kwa awiri," abambo ankatero akundisisita mutu. "Mlandu watha."

Atakalamba makutu aja anatheratu, ntchito anasiya. Tsiku lina ndinawapeza akukulunga gitalayo m'thumba kuti akapatse mnzawo. Anati sangathenso kuichuna, ndipo sakufuna kuzunza anthu oyandikana nawo. Amayi analanda thumbalo. Anakoka mpando, n'kukhala pambali pawo, dzanja ataliika pabondo la abambo.

"Potokolani," anawauza mokweza.

Abambo ankapotokola kachitsulo komangira nsambo pang'onopang'ono, ndipo ikafika pake amayi ankawafinya bondo. Anatero nsambo ndi nsambo mpaka zonse zinakhala bwino. Kuyambira pamenepo ankaimba chomwecho. Chala chikaphonya, amayi ankawatsina, abambo n'kukonza osayang'ana n'komwe. Ife tikabwera ndi ana athu kudzacheza tinkawapeza pakhonde paja, wina akuliza zimene sakumva, wina akumva zimene sangalize.

Onse awiri anatisiya, abambo ndiwo anatsogola. Tikulongedza katundu wa m'nyumba muja, achemwali anandiuza kuti m'zaka zomalizazo ankayang'anitsitsa zala za abambo, ndipo nthawi zina ankaphonya dala, akudziwa bwinobwino pamene chala chikuyenera kupita.