Msasa wa a Nasoni Kutsidya kwa Kachule

Ukachoka pa Nsaru kulowera njira ya ku Kabudula, n'kupatukira kumanzere pamene pali chigayo chimene chinafa, umatsetsereka mpaka pa kamtsinje kotchedwa Kachule. Si mtsinje woti munthu n'kudzitama nawo pamaso pa alendo. Mwezi wa Okutobala mbuzi imaoloka osanyowa ziboda. Kutsidya kwake, pansi pa mtengo wa katope, pali msasa. Pamwamba pa udzu anayalapo pepala lakuda lapulasitiki, chitseko ndi thumba la feteleza lotumbula. M'katimo muli mphasa, poto mmodzi, khasu, ndi njinga imene tcheni chake chinaduka kalekale koma mwini wake amaipukuta Loweruka lililonse. Chimbudzi chili kumtunda, patali ndithu, chifukwa pa nkhani ya madzi mkuluyo saseka ndi munthu.

Mkuluyo ndi a Nasoni, ndipo si a kuno. Anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe ndevu zawo zikadali zowerengeka, pamodzi ndi matenanti ena, kudzalima fodya pa esiteti ina yochita malire ndi Kachule. Anzawo atakolola anabwerera kwawo atanyamula mawailesi. Iwo anakodwa pa geti, pamene Magdalena ankagulitsa zitumbuwa. Amene anazidyapo amati zitumbuwazo zinali zouma ngati njerwa, ndiye chimene chinkawakokera a Nasoni pa getipo m'mawa uliwonse sichinali njala.

Analowa chikamwini. Abale a mkazi, pofuna kuona ngati Mlomweyo ali ndi msana, anawalozera malo amene aliyense anali atawakana: bango ndi minga m'mbali mwa Kachule. Zaka ziwiri a Nasoni anakhala akuzula bango, anthu akuwaseka kuti akwatira achule. Chaka chachitatu panamera mpiru, tomato, nzimbe, ndi nandolo wakwawo amene ana a m'mudzi ankabwera kudzamuona ngati nyama yachilendo. Kenaka anakumba chitsime. Anachikumba pang'onopang'ono, n'kuyala miyala m'mbali popanda simenti, mwala kukhalira mwala unzake, kuseri kwake akutsendera dothi la pachulu. Lamulo lawo linali limodzi: tungani ndi ndowa, ndipo pansi pasaoneke. Ankati chitsime cha mumchenga chimaima chifukwa cha madzi ake omwe, ukachikapa chonse nthawi imodzi chimagwada.

Anakhala ndi Magdalena zaka makumi atatu ndi zinayi. Ana anabadwa awiri, onse n'kupita asanamere mano. Ku Phalombe anapitako kawiri kokha, maulendo onse a maliro, ndipo ulendo wachiwiriwo anapeza munda wa mayi awo mutamangidwa tchalitchi, adzukulu akuwafunsa kuti kodi agogo mukufuna kwa ndani.

Magdalena anamwalira mu Juni chaka chatha. Apa m'pamene akulowera a Lyton, mlongo wake wa malemuyo, mwinimbumba wa pamudzipo. A Lyton anakwatira ku Nambuma ndipo amakhala komweko, koma pakakhala choti n'kugawa amafika pa njinga yamoto, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mwambo wosudzula wamasiye, womumasula kuti abwerere kwawo, anthu sauthamangira. Amadikira misozi iume, ena mpaka chaka chithe, ndipo nkhalamba imene yakalambira pamudzi nthawi zambiri amangoisiya. A Lyton anadikira mwezi umodzi. Chinawathamangitsa chimadziwika: Ogasiti anali pakhomo, nthawi yofesa nazale ya fodya, ndipo nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ku Nambuma apongozi awo anali atawamana dimba.

Anasonkhanitsa abale pansi pa mtengo wa mango, nayamika a Nasoni motalika ngati munthu wopempha voti. Kenaka anati mkamwini ndi tambala wobwereka, akalira kukacha amabwerera kwa mwini wake, nanga uyu poti sanasiye ndi mwanapiye yemwe. Amayi anawerama. A Anesi, mkulu wake wa Magdalena, anangokhala akupotokola ngodya ya chitenje. A Nasoni anaomba m'manja mwaulemu, nati zikomo, zamveka.

Lachisanu a Lyton anawaperekeza okha mpaka pa siteji ya Nsaru, kuopa kuti mkuluyo angasochere. Anaonetsetsa kuti njinga yamangidwa bwino kumbuyo kwa minibasi, nawabayibitsa ndi manja awiri, kenaka anakakhala pa kanyenya kudzipepesa kutopa. Minibasi isanathe ndi makona awiri, a Nasoni anagogoda denga. Anamuuza kondakitala kuti aiwala chinthu. Atafunsidwa kuti chiyani, anati chitsime. Anamasula njinga yawo, n'kuikankha m'tinjira ta m'minda. Mmene a Lyton ankafika kudimba madzulo ake kudzayeza mabedi, anapeza utsi ukufuka kutsidya, mitengo inayi itaima kale, munthu akufolera.

"Alamu, kodi ku Phalombe ndi kufupi chonchi?"

"Msewu anaukonza, alamu," anayankha a Nasoni osatembenuka.

"Tinakusudzulanitu."

"Munandisudzula kumene. M'mudzi mwanu ndatuluka, m'nyumba ndatuluka. Apa ndi pa esiteti, pamene ndinatsikira lole. Mukafuna mukasume kwa mwini wake."

Esitetiyo inagwa kalekale, zigafa zake zinasanduka nkhuni, ndipo mwini wake, amene amakhala m'tauni, sadziwa n'komwe kuti ali ndi mtsinje.

Ndiye moyo wa pa msasa unayamba. Anthu ankati sakwanitsa ndi sabata ziwiri zomwe. Mphepo ya Ogasiti inanyamula denga kawiri, iwo n'kulitola kawiri. Linthumbu linawatulutsa, iwo n'kuwaza phulusa kuzungulira msasa. Ng'ombe za a Richard, bambo wina wa m'mudzimo, zimene zimamwera cha kumunsi, zinadya khoma limodzi lonse. Kudya kwawo kunali chinangwa, nkhanu za mumtsinje, ndi therere lothyola m'tchire la esiteti. Ankasamba masana madzi atafunda, n'kuyanika malaya pa bango, n'kukhala pa mwala akuyang'ana dimba lawo kutsidya linalo, pamene a Lyton anali kuzula nandolo ndi kutentha mapesi pa mabedi. Chimenecho ndicho chinkawawawa kuposa chifuwa chimene chinawagwira. Nandolo ameneyo anadzala ndi Magdalena, mayiyo akunyinyirika kuti ndiwo zanji zonunkha mankhwala, chonsecho m'mbale ankatsiriza ndi iyeyo. Akakumbuka zimenezi ankadzuka pamwalapo n'kukakumba. Pansi pa katope paja anali atayamba chitsime china, miyala akututa pamutu kuchokera m'khwawa.

A Lyton anafesa mabedi khumi ndi awiri. Kuthirira ndi kheni anati ndi ntchito ya anthu osaphunzira, ndiye anakabwereka injini yopopera madzi kwa mnzawo wa ku Mpingu. Tsiku limene anaponya paipi m'chitsime chakale chija, a Nasoni anaphwanya lumbiro limene anali atadzilumbirira lakuti sadzalankhulanso za tsidya lija. Anafuula kuti injiniyo ayi, ichotseni, madzi akatha miyala itsika. A Lyton anayankha kuti anthu a ku Phalombe azilankhula za ku Phalombe. Tsiku loyamba injini inalira bwino, ana n'kuvina m'madzi. Lachiwiri inayamba kulavula matope. Lachitatu m'mawa kunamveka ngati ng'ombe yagwa, ndipo pamene panali chitsime cha zaka makumi atatu panatsala dzenje la mchenga, paipi ya eni ake itamezedwa mpaka pakhosi.

Okutobala anafika ndi ukali wake. Mjigo wa m'mudzi unayamba kutulutsa mpweya wokhawokha, munthu kupopa mpaka msana kuthyoka kuti apeze theka la ndowa. Zaka zonsezi ukatero amayi ankatsikira kudimba kwa a Nasoni. Chaka chino anatsika, n'kuima pa dzenje la mchenga lija, n'kuyang'ana kutsidya. Woyamba kuoloka anali a Anesi, ndowa ili m'manja, maso ali pansi. A Nasoni sanawakumbutse za pansi pa mango. Anangowalonjera kuti alamu mwadzuka bwanji, n'kuwauza lamulo lakale lija: ndowa, ndipo pansi pasaoneke. Pomatha sabata kanjira kanali kataoneka, ndipo pa msasa panayamba kugwa tinthu: kambale ka ufa, mchere wokulunga m'pepala, nkhwani wofutsa. Amayiwo ankati angoiwala.

Mbande za a Lyton zinayamba kufiira m'mphepete. Anatuma uthenga kudzera mwa a Richard kuti mkuluyo abwere adzakonze chitsime. A Nasoni anabweza yankho kuti wodziwa ntchito imeneyo anakwera minibasi pa Nsaru, mboni ndi a Lyton omwe.

Ndiye Lachiwiri lina, dzuwa lili pamutu, njinga yamoto inaima tsidya lija. A Lyton anaoloka atagwira machesi poonekera, kuti aliyense aone kuti lero ndi lero. A Nasoni anali atakhala pakhomo pa msasa akusenda chinangwa. Ankadziwa kuti udzu wa Okutobala sufuna kuupempha kawiri, ndipo m'thumba lopachika m'katimo munali chitenje cha Magdalena. Koma sanadzuke. Anangosuntha n'kukhala pakati penipeni pa khomo. Pa chitsime panali amayi asanu ndi anayi pa mzere.

A Lyton anati akuwerenga mpaka katatu. Asanafike pa kawiri, a Anesi anatula ndowa yawo pakati pa mlongo wawoyo ndi msasa, n'kukhalapo.

"Achimwene, tayatsani tione. Mukatero ife mbumba yanu tinyamula ndowazi tikatunge kwa apongozi anu ku Nambuma."

"Achemwali, izi ndi za amuna."

"Za amuna? Madziwa mumasenza ndinu? Tsiku lija ndinakhala chete, mpaka lero chakudya sichindikomera. Mudzi uno ndi wathu, ife obadwiramo n'kukhalamo. Inu tinakuikani kuti muzitiyang'anira, osati kutiphera chitsime." Anakonza duku. "Paja munati mkamwini ndi tambala wobwereka, eti? Nanga ku Nambuma kuja inu ndinu chiyani, nkhanga? Mawuwo tikawafikitse kwa alamu athu kumeneko, awasunge. Tsiku lawo lidzakwana."

Wina pa mzere anatsokomola, ndipo chifuwacho chinafalikira amayi onse. A Lyton anayang'ana machesi awo ngati awatola panjira. Anthu amati analowetsa m'thumba n'kunena kuti iwo amangofuna kuyatsa ndudu, ngakhale mudzi wonse ukudziwa kuti fodya amalima koma sasuta.

Pomwepo a Anesi anatembenukira kwa a Nasoni, n'kunena pamaso pa onse kuti nyumba ya Magdalena ili chitsekere, abwerere, ndipo dimba ndi lawo mpaka tsiku limene adzawanyamule. A Nasoni anamaliza kaye kusenda chinangwa chija.

"Dimba ndalandira, alamu. Nyumba ikhale. Pakhomo pa eni ake munthu amakusudzula. Pano andisudzule ndani, achule?"

Za mbande anagamula okha. Anati fodyayo sanalakwe, asafe. A Lyton azitunga pa chitsime chatsopano, makheni awiri pa ulendo, ndipo aziima pa mzere ngati wina aliyense. Kwa sabata zisanu anthu a pa Kachule anaona zimene sanaonepo: mwinimbumba, jekete lachikopa atalipachika pa bango, ali kumbuyo kwa azichemwali ake ndi adzukulu ake aakazi, akudikira kuti Mlomwe anene kuti madzi abwerera, tungani. Mwa mabedi khumi ndi awiri aja anapulumuka asanu. Mvula itagwa anazula mbande zawo n'kupita nazo ku Nambuma, ndipo chiyambire pamenepo amabwera pa maliro pokha.

Chitsime chakale a Nasoni anachifukula m'chilimwe chino, mwala umodziumodzi, paipi ija n'kuitumiza ku Mpingu pa kabaza. Nandolo anadzalanso. Zimenezi zisanachitike, mu Januwale, Kachule anakumbuka kuti ndi mtsinje, nasefukira n'kutenga msasa woyamba uja pamodzi ndi poto. Amayi anathamangirako poganiza kuti tsopano mkuluyo agonja alowe m'mudzi. Anawapeza kumtunda pang'ono, mapazi makumi awiri kuchokera pamene panali wakale, chitenje cha Magdalena chili pakhosi, njinga itatsamira katope, akukumba dzenje la mzati woyamba. Anawafunsa amayiwo ngati pali amene waona poto kumunsiko.