Mkamwini Alibe Nyumba

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndimawerenga pang'onopang'ono, koma ndimamva. Ndipo sindinama pa fomu.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi, namwino, ananditengera ku Canada. Zaka ziwiri ndinakhala naye ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana. Munthu wa khasu sagona m'mwamba ngati nkhunda. Ndinapeza ntchito kumunda wa maapozi, kupitirira Oshawa, ndipo ndinkachita lendi kachipinda kapansi pa nyumba ya eni.

Kudera la alimi limenelo boma limathandiza anthu a lendi kugula nyumba. Limakubwereka ndalama zoyambira, zotsalazo ukatenga ku banki. Koma ukhale wa m'deralo, malipiro ako akhale ochepa, ndipo usakhale ndi nyumba ina. Panali kanyumba kena kogulitsa, kumbuyo kwake malo a mizere makumi awiri. Ndinakafuna. Mwana wanga anavomera kusayina nane ku banki.

Mayi wa mu ofesi ya boma anandifunsa ngati ndili ndi nyumba kwina kulikonse, ngakhale kwathu. Ndinati eya. Zipinda zinayi, malata, pansi simenti. Njerwa ndinaumba ndekha, ndinawotcha ndekha. Ndinanena chifuwa chili patsogolo. Mayiyo anatseka faelo n'kunena kuti pepani, ndiye simuli oyenera.

Ndinatuluka. Nyumba imeneyo inandilanga kachiwiri.

Ndinaimanga ku chikamwini, pa malo a kwa mkazi wanga, monga mwa mwambo. Mwini mbumba anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, wowerengera ndalama ku Oakville, konkuno ku Canada. Kumaliro anabwera atavala suti. Tsitsi limene tinameta lisanamere, kalata yake inafika: ntchito ya mkamwini yatha, atenge khasu ndi zovala zake abwerere kwawo. M'nyumbamo analowetsamo mphwake. Kuno kumpingo ankauza anthu kuti ndinasiya nyumbayo mwa kufuna kwanga. Kalatayo ndinaisunga m'thumba la jekete.

Ndinabwerera ku ofesi kuja n'kufotokoza zonse. Mayi uja anandifunsa ngati ndingaigulitse nyumbayo. Ndinati ayi. Ngati ndingagonemo. Ayi. Anati ndibweretse umboni wolumbirira wochokera kwa amene ali ndi mphamvu pa malowo.

Loweruka ndinakwera sitima ya ku Oakville.

"Alamu! Kubwera osaimba foni?" anatero pakhomo. "Vulani nsapato, kapetiyu ndi watsopano."

Sindinavule. Ndinaika kalata patebulo. Anaizindikira asanaitsegule.

"Zakalekale izi, alamu. Tonse tinali pachisoni."

"Pachisoni ndinali ine. Inu munali ndi bolopeni."

Ndinamuuza chimene ndinadzera: alumbire pamaso pa loya kuti nyumba ija anailanda, ndipo ine ndilibe gawo.

Anaseka. "Ine, mkulu wa mpingo, ndisayine kuti ndinalanda? Tingolemba kuti munaipereka ku banja. Ofesi ivomera, nkhani yatha."

Ofesi ikanavomeradi. Ine ayi.

"Sindinapereke," ndinatero. "Mawa tikaweruka ku tchalitchi kuli chakudya cha mpingo. Ndikaimirira ndi kalatayi. Mukudziwa mmene ndimawerengera. Palibe mawu amene adzadumphe khutu la munthu."

"Mukundiopseza m'nyumba mwanga?"

"Mwayi wanu. Muli nayo nyumba yokuopsezeranimo."

Mkazi wake anali ataima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja. Nkhaniyi sankaidziwa. Anayang'ana mwamuna wake, osaphethira.

Lolemba tinakumana kwa loya. Ndinamva cholembera cha mlamu wanga chikukanda pepala. Loya anawerenga mokweza, ndipo atafika pa mawu oti analanda ndinapempha kuti abwereze. Ndinati makutu anga ndi okalamba. Makutu anga ali bwinobwino.

Nyumba ndinagula chipale chofewa chitasungunuka. Ndi yaing'ono, denga lake likufuna munthu. Pa pepala pali dzina langa ndi la mwana wanga. Ngongoleyo mwina idzandiperekeza kumanda. Ndikulipira mwezi ndi mwezi, sindinaphonyepo.

Chaka chatha maungu atayanga, galimoto ya mlamu wanga inaima pamsewu. Anatsika ndi jumbo m'manja. Anati mkazi wake wamutuma nkhwani, za m'sitolo sizikoma. Anaponda khonde.

"Vulani nsapato," ndinatero.

Anavula. Ndinamusiya ataima ndi masokosi, n'kupita kuseri kukatenga khasu. Ndinamupatsa.

"Ine ndinalimira mbumba yanu zaka makumi atatu ndisanathyole tsamba mwaufulu. Inu palirani mzere umodzi."

Anayang'ana khasu, anayang'ana ine. Analitsamiritsa pakhoma, n'kuvala nsapato, n'kumapita jumbo ili pululu.

Mwana wanga akuti ndikhululuke, poti ndi malume ake. Nkhwani ndinathyola ndekha, ndinapatsa mwanayo kuti akapereke kwa mkazi wa mlamu wanga, poti iye sanandilakwire. Khasulo lidakali pomwe analisiya. Mzere wake ndimaudumpha popalira.