Kanyali Kofiira ka Lachiwiri

Ku Chemusa mukafunsa za mayi Petronela, anthu amayamba aganiza kaye, koma mukati amayi a mawaya, aliyense akulozerani nyumba. Bambo awo anachokera ku Milanje, tsidya la Mozambiki, ndipo ankakonza mawailesi pakhonde. Petronela anakulira pakhonde pomwepo. Atakula anatha zaka khumi ndi ziwiri akukwawa pansi pa maminibasi ku Ndirande, kudzutsa masitata a injini amene eni ake anali atawataya mtima. Kenako fakitale ina ya buledi ku Makata inawalemba ntchito yosamala magetsi a malole ake. Ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo akakwiya mumamva sipanala ikugwa patebulo basi.

Chaka chatha fakitaleyo inagula lole yoyendera batire, yosamwa dizilo, yoyenda mwakachetechete moti nkhuku za ku Machinjiri zinkaizindikira itafika kale pamchira. Miyezi iwiri inayenda bwinobwino. Kenako inayamba matenda. Kanyali kofiira kankayaka padashibodi, kabelu n'kumalira, lole n'kufooka, kumangokwawa ngati ikuperekeza maliro. Ikalowa m'galaja, zii. Petronela ankalumikiza kompyuta, iyo n'kuwauza kuti magetsi anasokonekera penapake, koma malo ake osatchula. Anamasula, anamanga, anasintha mafyuzi osalakwa. Pakapita masiku kanyali kaja kankayakanso, dala pamsewu pomwe iwo kulibe.

Manijala, mayi Lubna, sanazungulire. Anati lole yamagetsi si minibasi ya ku Ndirande, ndipo mwezi ukatha vuto likadalipo, aitanitsa mnyamata wa madigiri kuti atenge malo awo. Mawuwa anawapweteka kwambiri Petronela. Kuchotsedwa ntchito n'kowawa kale, nanga kuchotsedwa chifukwa cha kanyali kochepa ngati njere ya nandolo?

Anasiya kufunsa kompyuta n'kuyamba kufunsa anthu. Alonda a pageti ndi amene anawakumbutsa kuti lole imabwera ikukwawa Lachiwiri lokhalokha, tsiku lopereka buledi ku Chikwawa. Petronela anaganiza za kutentha kwa kuchigwa, anaganizanso za chitunda cha Thabwa, koma anaona kuti kuganizira pampando sikuthandiza. Lachiwiri lomaliza la mweziwo anakwera nawo.

Dalaivala wake anali a Bonifasi, Msena wa ku Nsanje, Mkatolika woyenda ndi korona m'thumba, amene anali ataipempherera kale lole ija kangapo. Potsika phiri sipanachitike kanthu. Buledi anatsitsidwa, dzuwa linawotcha, dashibodi ili phee. Petronela anayamba kugwa mphwayi, poti matenda obisala sing'anga akafika ndi ovuta kuwagwira.

Pobwerera, pafupi ndi mlatho wa Shire, a Bonifasi anaima. Anagula nsomba zaziwisi zotungidwa paluzi, wogulitsa n'kuzinyikanso m'beseni kuti zioneke zamoyo. Ndiye monga achitira dalaivala aliyense wa msewu umenewo, anazikoleka panja, pagalasi loonera kumbuyo, kuti ziwombedwe mphepo. Petronela sanazilabadire. Ndani ku Blantyre amadabwa ndi nsomba yolendewera pagalimoto?

Atangoyamba chitunda, kabelu kanalira. Kanyali kali psuu. Petronela anatulutsa mutu pawindo, ndipo madontho anawamenya kumaso. Anawatsatira ndi diso: madzi a nsomba ankauluka ndi mphepo, kutsetsereka pachitseko, n'kukalowa kuseri kwa kabini.

"A Bonifasi, nsombazi mumagula sabata iliyonse?"

"Nanga ndikafika chimanjamanja kuchokera kwathu, akazi anga a Helena anditsegulira geti, mayi? Mkati sindingaziike, buledi anunkha."

Petronela anawauza kuti aime n'kuzimitsa chilichonse. Anavala magolovesi, n'kulowetsa dzanja kuseri kuja. Munali pulagi ya mawaya opita ku batire, labala wake wotchinga madzi atang'ambika pang'ono. Ataitsegula anapeza ili noninoni, mkati muli mamba awiri a nsomba. Ikangoima ku Makata madziwo ankauma ndi kutentha, n'chifukwa chake m'galaja lole inkaoneka yosalakwa. Petronela anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kuseka mpaka misozi. A Bonifasi anangogwira pakamwa, manyazi atawagwira.

Anapukuta pulagi, anaimanga bwino, nsomba n'kuzikulunga m'jumbo. Lole inakwera Thabwa ngati mwana wothamangira kwawo. Kwa manijala anangonena kuti labala anang'ambika ndipo madzi ankalowa, zomwe zinali zoona ndithu. Za mtundu wa madziwo sanafunsidwe, iwonso sanaziyambe. A Bonifasi anagula kabokosi kotsekeka bwino koikamo ndiwo zawo.

Panadutsa Lachiwiri kanayi kanyali kosayaka. Tsiku lina m'mawa mayi Lubna anatsika okha kugalaja, malo amene sankapondako poopa girisi, n'kunena kuti kukubwera malole ena awiri amagetsi, ndipo onse akhala m'manja mwa Petronela.

Petronela anapukuta manja pang'onopang'ono, chimwemwe chitawadzadza. Koma anafunsabe: "Nanga mnyamata wa madigiri uja?"

"Abwera ndithu," anatero mayi Lubna. "Mudzamuphunzitse ntchito."