Denga la Chipilala cha Mfumu

Amuna anga anali injiniya pa kampani yosema miyala ku Ras Al Khor, kuno kudziko la Aluya. Chaka chomwe anatisiyacho ankakonza miyala ya chipilala chokumbukira mfumu ya dziko lina loyandikana ndi kuno. Ankafika kunyumba ku Karama, dera lomwe tinkakhala, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, nkhani ili yokhayokha ya denga lake. Ankati likadzatha ndidzapemphe tchuthi kuchipatala komwe ndimagwira unamwino, tidzakalionere limodzi.

Anagwa ali kuntchito, mtima unangoima. Tinakawaika kwathu ku Zomba, ine n'kubwerera kuno ndekha.

Patapita miyezi, anandiimbira foni mkulu wina wa ku Pakistan amene ankasema nawo miyala.

"Mama, denga lija talimanga pabwalo kuti tiliyese. Bwerani mulione, mawa tikuliphwasula kuti lizipita."

Ndinalipeza kuseri kwa magalaja, pakati pa zitsulo zadzimbiri. Nsanamira zake zinali za mwala woyera, zowonda pansi koma zotambasuka kumwamba ngati mitengo ya kanjedza. Pamwamba pake panakhala denga lozungulira ngati lichero lovundikira, lonselo tizibowo tokhatokha, moti dzuwa linkagwa pansi ngati maluwa. Kunja kunali kotentha kosapiririka, koma nditangolowa pansi pake ndinamva kamphepo kozizirira kakundidutsa m'khosi.

"Mphepo imeneyi ndi ya amuna anu," anatero mkuluyo. "Ena ankafuna kuika makina oziziritsira. Iwo anakana, akuti mfumuyo inakulira m'chipululu, ndiye nyumba yake izipuma yokha. Tibowo timeneti anatijambula kamodzikamodzi."

 Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo, yunifomu ili m'thupi, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Amisiri anazimitsa makina awo mmodzimmodzi mpaka pabwalo ponse panangoti zii. Palibe anandiuza kuti nditonthole. Mkulu uja anandibweretsera tiyi wamkaka, n'kuima chapatali atayang'ana kumbali.

Tsiku lotsegulira chipilalacho ndinali pa ntchito. Pa TV ya mu wodi ndinaona asilikali ndi akuluakulu ovala mikanjo yoyera akulowa pansi pa denga lija. Wodwala wina wachikulire anandikoka dzanja.

"Sisitala, taonani kukongola."

Ndinamuvomera, ndinamusinthira diripi, kenako ndinakadzitsekera m'kachipinda kosungira mankhwala. Mpaka lero kuchipilalako sindinapiteko.