Bambo a Tadala Anavina ndi Masokosi Okha

Usiku wapitawu ndinalota zoti mpaka pano ndikuseka ndekha. Koma ndiyambe ndakuuzani izi. Chimwalirireni amuna anga, bambo a Tadala, chaka chatha, ndimapita ku gulu la anamfedwa lomwe limakumana Lachinayi kutchalitchi kwathu. Alangizi athu, Mayi Phiri, amaika mpando wapulasitiki pakati n'kumati aliyense alankhule nawo ngati pakhala malemu wake. Ine ndinakana. Ndinati kufedwa ndafedwa, koma mutu ukugwirabe ntchito. Ndinawauzanso kuti Loweruka likubwerali, paukwati wa mwana wanga Tadala, ine sindikavina. Ndivine bwanji bambo ake ali m'manda? Tadala nkhaniyi ikumuwawa, wandinyengerera mpaka watopa.

Ndiye m'malotomo tinali pagulu lija, koma tchalitchi chikuyenda ngati minibasi. Mayi Phiri ndiwo anali kondakitala, mutu uli pawindo, akuitanira: "Olira awiri, olira awiri, tizipita!" Kenako nditayang'ana pampando uja, ndinaona bambo a Tadala ali phee, atavala suti yomwe tinawaika nayo, akukukuta chimanga chootcha. Sindinaope ngakhale pang'ono. Ndinangokwiya kuti akudetsa suti.

Ndinafuna kuwauza zonse zimene ndakhala ndikusunga mumtima, kuti nyumba yandikulira, kuti m'mawa ndimatulutsabe makapu awiri. Koma iwo anangovula nsapato n'kundipatsira. "Mayi a Tadala, nsapato munandivekazi zikundithina. Munthu angavine nazo zimenezi?"

Kenako minibasi ija inasanduka holo ya ukwati, mbuzi zathu zitakhala kutsogolo pamalo a akuluakulu, zitamanga mataye. Nyimbo inayamba. Inu amene munkawadziwa amuna anga mukudziwa kuti kuvina kunawadutsa patali. Ankaponda ngati alowa m'linthumbu, mapewa kwina, chiuno kwina. Ndiye analowa m'bwalo ndi masokosi okha, imodzi yobooka pachala chachikulu, anthu n'kumawafupa masamba a mango. Atandiona anandikodola. Ine ndinati sindingathe, ndili pachisoni cha maliro.

Iwo anati, "Maliro ake a ndani? Mwini malirowo ndine, ndipo ndikuvina."

Ndinacheukira kwa Mayi Phiri kuti andithandize, koma iwo ndiwo anali patsogolo kululutira. Basi ndinaimirira, nsapato zija zili m'manja, ndikuseka mpaka nthiti kuwawa. Nditangoti ndiponye phazi loyamba, ndinadzidzimuka Tadala akundigwedeza phewa.

"Amayi, mukuliranso?"

Pilo anali atanyowadi, koma ndinamuuza zoona. "Ayi mwanawe, ndikuseka kavinidwe ka bambo ako." Anakhala pabedi, nayenso n'kuyamba kuseka, mpaka tonse awiri misozi chuchuchu. Ndawasowa bambo amenewa, anzanga, ndawasowa kwambiri.

Tsono inu odziwa kumasulira maloto, tandithandizani. Nsapato zothinazi zikutanthauza chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani anandisiyira ineyo? Za mbuzi zamataye musavutike nazo, ndikudziwa kuti ndi akuchimuna kwa Tadala. Lachinayi ndikawafotokozera Mayi Phiri, mwinanso mpando wawo uja ndikaupatsa moni. Koma mundiyankhe msanga, chifukwa nsalu ya ukwati yomwe ndinaiponya pansi pa sutikesi ndaitulutsa, ndipo telala akuti ikapanda kufika lero, Loweruka ndikavina ndi diresi lakale.