Masekondi Asanu a Bambo Namaona

A Gray Namaona anali mphunzitsi ku Mulanje, munthu woti ukwati sunkakoma iwo asanagwire maikolofoni. Kuno ku Amereka, mumzinda wa Indianapolis, amakankha odwala pa njinga m'chipatala china cha m'tauni, ndipo tsiku limatha atangopepesa anthu m'chikepe. Chimwalirireni mayi a kunyumba, nyumba yawo ya ku Beech Grove inangoti zii. Bambowa anasungulumwa, osati masewera.

Tsiku lina anatola buku m'katoni ya mabuku otaya pakhomo pa laibulale. Linali lophunzitsa kulankhula pagulu, lolembedwa m'masiku amene anthu a ku Amereka ankamenyana ndi Angerezi pofuna ufulu. Mawu oyamba ankati litangotuluka, maloya ndi abusa ankachita kulimbirana, koma kapepala ka kumapeto kanasonyeza kuti womaliza kulibwereka anatero mu 1974. A Namaona analimvera chisoni ngati mnzawo. Ankaliwerenga pa nthawi yopuma, akuchonga ndi pensulo, makamaka pamene linati: usananene mawu aakulu, khala chete masekondi asanu kuti anthu atchere khutu.

Ndiye Amalawi a ku South Bend, mzinda wina wapatali ndithu, anawapempha kukalankhula pa chikondwerero cha pa 6 Julayi. Mawu aakulu anali nawo. Ankafuna kuulula pagulu kuti ali okhaokha, ndi kupempha anthu kuti azibwera kudzawaona, ngakhale kamodzi pamwezi. Munthu wamkulu sapempha zotere mwachisawawa, choncho anakonzekera milungu itatu, akuyeserera pamaso pa firiji.

Tsikulo holo inadzaza. Analonjera abusa, makolo ndi amayi mwa dongosolo lake, n'kukamba za kumudzi mokoma moti ngakhale ana oyankha m'Chingerezi aja anasiya kudina mafoni. Kenako anatsitsa mawu.

"Tsono abale anga, mutu umodzi susenza denga."

Anakhala chete, akuwerenga chamumtima. Koma wolemba buku uja Amalawi sankawadziwa. Kwathu munthu akaponya mwambi n'kutseka pakamwa, ndiye kuti watha. Asanafike pa zitatu, nthungululu zinali zitayamba, m'manja muli phwaphwaphwa. Belinda, namwino amene ankayendetsa mwambowo, anafika akumwetulira, nalandira maikolofoni ndi manja awiri, ndipo nyimbo inalira. Akanatani? Kulanda maikolofoni kwa mwana wa mnzako pamaso pa anthu n'kudzivula ulemu. Anakakhala pansi, anthu akuwagwira chanza.

Potuluka, Mayi Theresa, mkulu wa amayi, anawathamangira ku galimoto ndi mbale yokutidwa bwino.

"Mwatiinspaya zedi, bambo. Mwachidule, osatopetsa ngati ena aja. Ku Indy muli bwinobwino, eti?"

"Tili bwino, mayi."

"Ambuye atamandike. Ndiye tionana chaka chamawa."

"Tionana," anatero a Namaona. Anaika mbaleyo pa mpando wa pambali pawo, n'kuliza galimoto.